Amene mumatiikira Windows, makiyi muzitisiyira

Anzanga okonza makompyuta muno mu Mzuzu, lero ndikufuna ndilankhule nanu mosabisa, chifukwa nkhaniyi yandidyera sabata yathunthu. Ntchito yanu ndimailemekeza. Popanda inu, makina athu ambiri bwenzi ali pansi pa bedi akudya fumbi. Koma chizolowezi choika Windows yatsopano pa kompyuta ya munthu kudzera pa imelo yanu chithe. Kuteroko n'kumumangira munthu nyumba, inu n'kupita ndi makiyi m'thumba.

Achemwali anga amakhala ku Chibavi, ndi aphunzitsi. Mu laputopu yawo ndi mmene muli zonse: mayeso amene amakonzera ana, malikisi, zithunzi za ukwati wawo, mpaka chithunzi cha chiphaso cha unzika. Atamva kuti Microsoft inathetsa chisamaliro cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, komanso makinawo atayamba kuchedwa, anawatengera kwa mnyamata wina m'tauni. Mnyamatayo anakopera mafayilo mu flashi, anafomata (kufufuta zonse za m'makina), n'kuika Windows 11, n'kubwezera mafayilowo. Mpaka apa palibe chodandaula. Pobweza anawalembera manambala anayi pa kapepala, amvekere, "Mayi, PIN yanu ndi iyi." Analipira, anathokoza, anabwerera kwawo.

Patatha masabata awiri, m'mawa wina kukuzizira ndi kamvula kowaza kathu kano, sikirini inangolemba kuti "Something happened and your PIN isn't available." Anandiimbira mawu akunjenjemera: "Achimwene, mayeso a ana ali momwemo, ndipo akufunika Lolemba." Ndinakwera kabaza kuchokera ku Katoto ndikuganiza kuti ndi ntchito ya mphindi khumi.

Apa pali chinthu chimene ambiri sitinauzidwe. PIN si pasiwedi. PIN imagwira pa makina amodzi okhawo, ndipo imatetezedwa ndi kachipangizo ka mkati kotchedwa TPM, kamene Windows 11 imafuna kuti kakhalepo. Ikasokonekera kapena mukaiwala, makina amakufunsani pasiwedi ya akaunti ya Microsoft imene ili kumbuyo kwake, kuti mupange PIN ina. Ndinadina pamene analemba kuti tipange PIN yatsopano. Imelo imene inatuluka sinali ya achemwali. Inali ya mnyamata uja. Foni yake inali yothima, anzake a pa shopu anati wapita kumaliro kumudzi. Tinadikira masiku atatu, laputopu ili pa tebulo, yoyaka bwinobwino, mwini wake ali panja ngati mlendo.

Sindikunena kuti mnyamatayo ndi wakuba, ayi. Ndikumvetsa chimene chinachitika. Windows 11 pomaliza kuikidwa imapempha intaneti ndi akaunti ya Microsoft. Kasitomala wapita kumsika, kapena alipo koma imelo yake sakuikumbukira, pa benchi pali makina ena akudikira, ndiye njira yachidule n'kulowetsa yako. Koma taonani zimene zimatsatira njira yachiduleyo. Pa makina ambiri a masiku ano, mukalowa ndi akaunti ya Microsoft, Windows imakhoma diski yonse ndi BitLocker, ndipo kiyi yotsegulira, ya manambala 48, imakasungidwa mu akaunti imene mwalowa nayoyo. Tsiku limene makina adzafunse kiyi imeneyo, mwina chifukwa wina wasintha za mu BIOS (pulogalamu imene imayamba kudzutsa makina) kapena bodi yaikulu ya mkati yasinthidwa, mwini kompyuta alibe kolowera. Ngakhale mutachotsa diski n'kuiika mu makina ena, simuwerenga kanthu. Si kuti mafayilo afufutika, alipo, koma kiyi ili m'thumba mwa munthu amene mwina anasamukira ku Karonga kapena anataya nambala.

China chimene chinandiwawa kwambiri ndi OneDrive, malo a Microsoft osungirako mafayilo pa intaneti. Nthawi zambiri imayamba yokha kukopa za pa Desktop, mu Documents ndi mu Pictures kupita mu akaunti imene ili pa makina. Ndiye kuti malikisi a ana a eni ake ndi chiphaso cha achemwali zinali kukwera mu akaunti ya munthu wina, zikudya bandulo yawo yomwe, iwo osadziwa. Mnyamatayo mwina sanatsegule n'komwe. Koma ndani wa ife angavomere kuti zikalata zake zizigona m'nyumba ya munthu amene anakumana naye tsiku limodzi?

Atabwera kuchokera kumaliro anapepesa, ndipo ndimuyamikire, anabwera yekha mpaka ku Chibavi. Tinalowa ndi pasiwedi yake, tinatsegula akaunti ina pa makinawo mu dzina la achemwali, tinaipatsa mphamvu za administrator, zolamulira makina onse, tinasamutsa mafayilo, tinasunga kiyi ya BitLocker mu akaunti yawo ndi kuilembanso pa pepala, kenako yake tinaichotsa. Zimene zinakwera ku OneDrive anafufuta tikuona. Ntchito yonse ola limodzi ndi theka. Akanadikira mwini wake tsiku loyamba lija, bwenzi zili mphindi zochepa chabe.

Koma mavuto sanathere pamenepo, ndipo awa ndi a ife eni makina. Kufomata kumapita ndi mapasiwedi onse amene Chrome, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, inkatikumbukirira, pokhapokha ngati munali mutalowa ndi akaunti ya Google n'kulola kuti izisunga. Achemwali kwa zaka zambiri sanalembepo pasiwedi ya Gmail, makina ankangotsegula okha. Ataikumbukira, inakanidwa katatu. Iwo ankalumbira kuti ndi yomweyo, ndipo ankanena zoona. Nditadina kuti zilembo zioneke, pamene amayenera kulemba chizindikiro cha @ pankatuluka ". Kiyibodi ya laputopu yawo ndi ya ku America, koma poika Windows anasankha ya ku Britain, ndipo pa ziwirizi zizindikiro zimenezi zinasinthana malo. Pansi pa sikirini, kumanja pafupi ndi wotchi, pakakhala palembedwa ENG, pamenepo ndi posinthira. Musanayambe kukayikira mutu wanu, onani pamenepo, onaninso Caps Lock ndi Num Lock. Anthu ambiri amasintha pasiwedi yabwinobwino chifukwa cha kanthu aka.

Pasiwedi italowa, Google inaona makinawo ngati achilendo, monga imachitira mukangofomata, n'kunena kuti itumiza nambala yotsimikizira ku foni. Manambala awiri omalizira amene inaonetsa anali a simu khadi imene achemwali anataya kalekale. Apa mtima wanga unagunda. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani ya mafoni imatha kuipereka kwa munthu wina, ndiye uthenga wotsegulira akaunti yanu umakagwera m'manja mwa mlendo. Chinatipulumutsa n'chakuti foni yawo ya tsopano inali ikadali mu Gmail yomweyo, ndiye tinasankha njira ina, pa foni panabwera funso, anadina Yes. Nthawi yomweyo tinachotsa nambala yakaleyo, tinaika yatsopano, n'kutulutsa manambala osungira pangozi amene Google imapereka, khumi, iliyonse ya manambala asanu ndi atatu. Ku Microsoft ukataya njira zonse zotsimikizira n'kupempha kuika zatsopano, umadikira masiku 30. Mphunzitsi amene mayeso akufunika Lolemba masiku amenewo awatenga kuti?

Mnzanga wina ku Luwinga yake inali ya wotchi. Kompyuta yake ya pa desiki itafomatidwa, masamba a imelo ndi a banki ankakana kutseguka, akunena kuti wotchi yatsalira. Kabatire kozungulira ka pa bodi, CR2032, kamene kamayendetsa wotchi makina akazima, kanali katatha, ndiye magetsi akathima tsiku ndi chaka zinkabwerera m'mbuyo. Anasintha kabatire, anakonza tsiku, zonse zinatseguka.

Ena mundiuza kuti kasitomala ndi amene safuna kudikira, kuti ukamufunsa imelo amati, "Ingopangani zoti iziyaka, achimwene." Ndi zoona, ndawamvapo akutero. Koma amene akudziwa kuopsa kwake ndi inu, osati iye. Mayi wogulitsa nsalu mu msika wa Taifa sadziwa kuti BitLocker n'chiyani, ndipo si udindo wake kudziwa. Musanafomate mufunseni: imelo yanu mukuidziwa? Nambala imene munalembetsera ikugwirabe? Talowani pa foni yanu ndione. Akalephera, konzani zimenezo kaye makina akale akadali otsegula, chifukwa nthawi imeneyo ndi pamene zili zophweka. Ngati alibe akaunti, tsegulani yake, pa nambala yake, pasiwedi asankhe yekha, alembe ndi dzanja lake. Muonjezere mtengo ngati zikukudyerani nthawi, ine ndilipira mosanyinyirika.

Achemwali tsopano ali ndi kakope kakang'ono kamene amasunga mu sutikesi pamodzi ndi masatifiketi awo. Muli imelo, pasiwedi, kiyi ya manambala 48 ija ndi manambala khumi a Google. Tsiku lija mnyamatayo atatsegula akaunti yake kuti achotse laputopu ya achemwali, pa mndandanda panali makina a anthu enanso, ndipo ena mwa iwo sankawakumbukira n'komwe kuti ndi a ndani. Ngati kompyuta yanu inaikidwa Windows ndi munthu wina, madzulo ano tsegulani Settings, pitani pa Accounts, muone imelo imene yalembedwa pansi pa dzina. Ikakhala kuti si yanu, muimbireni mawa m'mawa, nambala yake ikadagwira.