Zoti chilichonse "chimatengera" ndazikana

Loweruka tili pakhonde kudikira nsima, mwana wa mlongo wanga amene ali ku koleji anandiuza kuti: "Amalume, choonadi kulibe. Chabwino ndi choipa zimatengera kumene munthu wakulira." Sindinamuyankhe, koma mawuwo akhala akundivuta mumtima.

Penapake mnyamatayu akunena zoona. Ine ndikaona mbewa zowamba pampani malovu amadzadza m'kamwa, pomwe mnzanga wachisilamu wa ku Mangochi sangazikhudze n'komwe. Kwathu mwamuna amakakhala kuchikamwini, kumpoto amalowola ndipo mkazi ndiye amatsata mwamuna. Mayi anga mpaka lero amati mkazi wovala thalauzi alibe mwambo, ndipo kale boma linali kumbali yawo: lamulo la 1973, nthawi ya Kamuzu, linkaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi mpaka linathetsedwa mu 1993. Lero adzukulu awo aakazi amawachezera atavala jinzi, iwo amangopukusa mutu n'kuwapakulira nsima. Zimenezo ndi miyambo, zimasintha, ndipo sindikangana nazo.

Koma mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre ankavula amayi pagulu chifukwa cha thalauzi lomwelo. Apa ndiye pamene ndimasiyana naye mnyamatayu. Kuvala thalauzi tikhoza kutsutsana mpaka dzuwa kulowa. Kugwira mayi wa eni pamsika, kum'ng'ambira zovala anthu akukuwiza, n'koipa, ngakhale msika wonse utawomba m'manja.

Nanga za ku Neno mu Januwale 2016? Mphenzi inapha mtsikana, anthu n'kugwira okalamba anayi kuwamenya mpaka kufa, ati ndi afiti. Omenyawo sankanamizira, ankakhulupiriradi, ndipo sanali munthu mmodzi. Ngati chabwino ndi chimene anthu a pamalopo agwirizana, ndiye kuti sanalakwe. Ndani angayerekeze kunena zimenezo pamanda a agogo aja? Mphenzi imachokera m'mitambo, siichokera m'nyumba ya nkhalamba. Chimenecho ndi choonadi ku Neno, ku London ndi kulikonse.

Chimandipweteka kwambiri n'chakuti mawu oti "zimatengera" amatuluka pakamwa pa munthu amene sali pamoto. Nthawi ya a Jumbe ku Nkhotakota, anthu ankawolotsedwa panyanja m'zombo kupita nawo ku Kilwa kukagulitsidwa. Ogula ankaona kuti ndi malonda, mafumu ena ogulitsa ankaona chimodzimodzi. Kodi ukapolo unali wabwino mpaka 1895, pamene Mlozi, wogulitsa akapolo wotchuka, anapachikidwa ku Karonga, n'kuyamba kuipa m'mawa mwake? Ayi. Munthu amene anali ndi goli m'khosi, mwana wake atatsala akulira kumudzi, ankadziwa kale kuti akulakwiridwa. Sanadikire buku kapena mzungu kuti amuuze.

Sindikunena kuti choonadi chonse chili m'thumba mwanga. Mwina pali zina zimene ife tikuziona ngati zabwinobwino lero, adzukulu athu adzachita nazo manyazi. Komatu akadzatero adzakhala akunena kuti tinalakwitsa, ndipo munthu salakwitsa njira ngati njirayo kulibe.

Mayi anga apitirira zaka 80. Amakhala okha, maso awo ndi ofiira ndi utsi wa nkhuni, ndipo nthawi zina amayankhula okha akamasesa. Mwana akadwala mwadzidzidzi m'mudzimo, iwo satuluka panja tsiku limenelo, ndipo ine kuno kutauni foni ikalira usiku mtima umandigunda. Mnyamata uja akatsekera sukulu tipitira limodzi kumudzi. Ndikamukhazika pamphasa pafupi ndi agogo akewo, ndipo ndikamupempha kuti abwereze zimene anandiuza pakhonde zija akuwayang'ana kumaso.