Nyumba ya Mandala ikusowa nkhata ya mtengatenga

Mwezi watha ndinapita ndi mdzukulu wanga kukaona nyumba ya Mandala mumzinda wa Blantyre, ija inamangidwa ndi kampani ya African Lakes m'chaka cha 1882, ndipo kuyambira tsikulo mtima wanga sunakhale pansi. Titakwera m'mwamba, kumene bungwe la Society of Malawi limasunga mabuku ndi zithunzi zakale, mwanayo anayima pakhonde, nasisita khoma ndi chikhatho, kenaka anandifunsa kuti, "Agogo, nanga anthu amene anaumba njerwazi ankagona kuti?" Ine kukamwa kunangoti gwa.

Mbiri ya eni nyumbayi timaidziwa bwino. Anali pachibale, John ndi Frederick Moir, ochokera ku Scotland, ndipo dzina lakuti Mandala linabwera chifukwa cha magalasi amene John ankavala m'maso. Koma amene anaponda dothi ndi kudula mitengo ya denga sawoneka, monganso amtengatenga amene ankasenza katundu wa kampaniyi pamutu kuchokera kwa Katunga, kukwera mapiri mpaka ku Blantyre ndi kutsikira ku Matope, chifukwa sitima sizinkatha kudutsa mathithi a mtsinje wa Shire. Thukuta lawo ndi limene linachirikiza malonda onsewo.

Maganizo anga ndi akuti zipinda zingapo za nyumbayi ziperekedwe ku moyo wa anthu amenewa, Amang'anja, Ayao ndi ena onse amene anagwira ntchito m'derali. Mulowe mtondo ndi munsi, lichero, mkeka, mphika wa dothi wodetsedwa ndi utsi, komanso nkhata ya udzu imene mtengatenga ankaika pamutu kuti katundu asamupweteke. Izi sizingakhale zachilendo, popeza nyumba yosungiramo zinthu zakale ya dziko lino inayambira mommuno isanasamukire ku Chichiri, kumene inatsegulidwa mu 1966.

Ena anena kuti zinthu zoterezi ziliko kale ku Chichiri, ndiponso kuti ku Mua kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare, kumene chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao chinafotokozedwa mwaluso. Zoonadi, ndipo malo onse awiriwo ndimawalemekeza kwambiri. Komabe nkhata ikakhala kwina kulikonse imangooneka ngati udzu wopota, pamene ikaikidwa m'chipinda cha bwana amene ankalemba m'buku kulemera kwa katundu, mwana wa sukulu aona yekha kuti anthu awiriwa anali pa ntchito imodzi, wina atakhala pamthunzi, wina akuyenda padzuwa.

Sindikufuna kuti chithunzi ngakhale chimodzi cha azunguwo chichotsedwe pakhoma, pakuti nawonso ndi mbali ya mbiri yathu. Kwathu kuli mtondo wa malemu amayi anga, wong'aluka m'mbali, umene chiswe chayamba kale kuunyambita kunsi. Tsiku limene chipinda chotere chidzatsegulidwe, ndidzaunyamula ndekha kukaupereka, mdzukulu wanga ali pambuyo ndi munsi wake.