Njira ya Tony Leon ndimayenda katatu pa sabata

Abale anga, lero mundilole ndilavule zomwe zili kukhosi, chifukwa ndikapitiriza kumeza ndidwala BP.

Ndimagona ku Yeoville, mu Joni muno, m'chipinda chomwe tinachigawa ndi nsalu anthu atatu. Ganyu ndimagwira ku Houghton, m'maluwa mwa bwana wina, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Ndimapita wapansi. Ukangooloka Louis Botha Avenue walowa dziko lina: mitengo ya jakaranda, mipanda ya magetsi, agalu onenepa kuposa mwana wanga amene ndinamusiya ku Ntcheu.

Lachisanu lapitali madamu anandipatsa nyuzipepala zakale kuti ndiyale pansi popenta geti. Ndikuti ndiyale tsamba lina, bwana anandigwira dzanja. Panali chithunzi cha Tony Leon, wandale wa kuno amene kale ankatsogolera otsutsa boma. "Uyu usamupondeponde," anatero. "Uyu ndi munthu wa lamulo. Dziko lino likanamumvera, bwenzi m'misewu mulibe maenje." Ine ndinangoti inde bwana, poti kwa eni kulibe mkuwe. Anandilalikira theka la ola, penti ikuuma m'chitini. Dzuwa litapendeka anandipatsa R200 yanga ya tsikulo.

Tawerengani nane. Mu Malichi 2025 boma la kuno linalamula kuti wantchito asalandire zochepera R28.79 pa ola, ndipo a m'nyumba ndi a m'maluwa tili momwemo. Maola 8 ndi R230. Munthu wangondiphunzitsa kumene kukoma kwa lamulo, nkundidula R30 nkhope ili gwa. Wina ati R30 nchiyani. Kwa ine ndi buledi ndi kabandulo koyankhulira ndi mayi a ana.

Mbiri ya Leon ndimaidziwa ngati ya malume anga, poti bwanayu sayamba nkhani ina. Anabadwira ku Durban mu 1956, bambo ake anali jaji. Anaphunzira zamalamulo ku Wits, nakhala loya, kenaka nkumaphunzitsa malamulo pa yunivesite yomweyo. Tsono imvani pomwe pamandipweteka ine. Mu 1986 anasankhidwa kukhala khansala wa mzinda wa Johannesburg, kuimira Yeoville. Inde, Yeoville yomwe ino, komwe madzi amatha masiku angapo osatuluka pampopi, ife nkumazungulira ndi zigubu. Mu 1989 anakhala phungu wa Houghton, kulowa m'malo mwa mayi Helen Suzman, amene anakhala zaka 13 ali yekhayekha wa chipani chake m'nyumba ya malamulo kutsutsa tsankho. Ndiye kuti njira yanga ija, yochoka ku Yeoville kupita ku Houghton, naye anayenda. Kusiyana kwake nkwakuti iye anayenda kamodzi nkukhazikika. Ine ndimayenda katatu pa sabata, madzulo nkubwerera komwe ndachokera.

Pena ndimamuvulira chipewa, zimenezo sindibisa. Mu 1994 anatenga utsogoleri wa Democratic Party chipanicho chili ndi mipando 7 yokha mwa mipando 400. Mu 1997 Mandela anamuitana kuti alowe m'nduna, iye nakana, chifukwa akanalowa sakanathanso kudzudzula boma poyera. Tandiuzani, wandale wa kwathu ndani angakane unduna? Athu aja amasamuka chipani usiku, Gawo 65 loletsa aphungu kusintha chipani lili chigonere m'buku. Pa chisankho cha 1999 anapeza mipando 38 nkukhala mtsogoleri wa otsutsa, ngakhale mfuu yake ya "Fight Back" anthu akuda ambiri anaimva ngati akumenyedwa ndi iwowo. Mu 2000 anagwirizana ndi New National Party nkupanga chipani cha Democratic Alliance (DA), ukwati umene sunathe zaka ziwiri. Mu 2007 anatula pansi udindo yekha, osadikira kukokedwa, nalowa Helen Zille.

Nkhani yomwe bwana amaikonda koposa ndi ya Mickey Mouse. Mandela ananyoza zipani zazing'ono zotsutsa kuti nza Mickey Mouse, Leon nabweza kuti ndiye boma nla Goofy, mnzake wa Mickey wa m'makatuni. Leon atagonekedwa m'chipatala mu 1998 ndi vuto la mtima, Mandela anapita kukamuzonda, nkugogoda podzitchula kuti Goofy wabwera kudzaona Mickey Mouse. Bwana akamafotokoza amaseka mpaka misozi. Nanenso ndimaseka, nkhaniyo njokoma. Koma akuluakulu amatukwanizana masana, madzulo nkumwera limodzi tiyi. Ife amene amatitchula makwerekwere m'takisi palibe amabwera kudzatigogodera.

Tsono za lamulolo. Ine sindinabwere kuno modumpha waya. Ndinadutsa pa Mwanza, Zobue, Nyamapanda mpaka Beitbridge, pasipoti ili m'manja, nkundidindira masiku 30 monga amachitira ndi Mmalawi aliyense. Ndinkafuna kukhala mwalamulo, Mulungu ndi mboni. Mnzanga wa kutchalitchi anandilozera kwa "loya" wina m'tauni, ofesi yake pamwamba pa shopu ya mafoni. Jekete yakuda, satifiketi pakhoma, Chingerezi cha m'mphuno. Anandiuza kuti pemiti ya ntchito ndi R6,000, milungu isanu ndi umodzi yatuluka. Ndinakongola kwa anthu awiri. Pasipoti anaisunga miyezi inayi. Lero akuti sisitemu yagwa, mawa akuti wosayina ali pa tchuthi. Tsiku lomwe ndinapita nditakwiya ndinapeza muli saluni, pasipoti yanga atasiyira mlonda mu envelopu, mulibe chidindo ngakhale chimodzi. Kaya anali loya weniweni kaya wakuba wovala tayi, ndalama inapita.

Lamulo lomwelo likuti ukapitirira masiku ako ndi oposa 30, potuluka amakuletsa kulowanso zaka 5. Ndiye ndinatsekeredwa mkati. Mayi anga aang'ono anamwalira chaka chatha, maliro ndinalira pa WhatsApp.

Anzanga ena amati pita ku CCMA, bungwe loweruza milandu ya pantchito, ukamusumire bwanayo, makhoti a kuno anagamula kale kuti ngakhale wopanda mapepala ali ndi ufulu wa pantchito. Nzoona, zinalembedwa bwino. Koma ndani angapite kukalemba dzina lake ndi komwe amagona, akudziwa kuti ku Krugersdorp kuli Lindela, komwe amatsekera opanda mapepala asanawabweze kwawo? Apolisi akandiimitsa pa Rockey Street sitikambirana za malamulo oyendetsera dziko ayi. Timakambirana za chakumwa chozizira, ndipo mtengo wake aliyense amaudziwa.

Chomwe chimandiwawa nchakuti Leon naye anakhalako mlendo. Mu 2009 Jacob Zuma, yemwe ankamutsutsa, anamutumiza kukakhala kazembe ku Argentina, nakhala ku Buenos Aires mpaka 2012. Kudziko la eni, chilankhulo cha eni, nyama yootcha ya eni. Koma ulendo wa pasipoti ya ukazembe ndi wina. Sanabisalepo m'chimbudzi atamva galimoto ya apolisi.

Ndipo chipani chomwe anamanga chatiyankhulira chiyani ife? Herman Mashaba atakhala meya wa Johannesburg mu 2016 pa tikiti ya DA, nyimbo yake inali ya alendo opanda mapepala. Pa chisankho cha 2019 chipanicho chinakhoma zikwangwani zoti malire atetezedwe. Sindikuti Leon ndiye analemba, anali atachoka kale pampando. Koma mu 2024 anabweranso, ali m'gulu lokambirana ndi ANC za boma la mgwirizano, ndipo unduna woona za mapepala athu unagwera DA, kwa Leon wina, Leon Schreiber. Anzathu a ku Zimbabwe anapatsidwa pemiti yapadera kuyambira 2009, a ku Lesotho nawo anapatsidwa yawo. Ife Amalawi zii. Chonsecho agogo athu ndiwo anakumba golide wa mzinda uno kudzera ku Wenela ndi Theba, ndipo 74 a iwo anafera m'ndege ku Francistown mu 1974 akubwerera kumudzi. Agogo anga anabwerako ndi wailesi, bulangete ndi chifuwa chomwe sichinathe mpaka kumanda.

Nyumba ya Usindiso itapsa ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023, anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Andale a zipani zonse anafika ndi makamera. Funso lomwe linkamveka kwambiri linali lakuti anthuwo anali ndi mapepala kapena ayi, ngati kuti moto unkayang'ana pasipoti.

Usiku wathawu mayi a ana atumiza uthenga kuti feteleza wakweranso, ndipo wa ngongole ya R6,000 ija wayamba kundiimbira ndi nambala zachilendo. Lolemba ndipitanso ku Houghton kukamaliza geti. Za R30 ndaganiza zowafunsa madamu, osati bwana, ndipo ndidikira kaye amwe khofi.

Tsamba la nyuzipepala lija bwana anandipatsa kuti ndikawerenge kunyumba. Ndinawerenga ndithu. Kenaka ndinalipinda kawiri nkutsekera pawindo pomwe galasi linasweka mu Juni, poti mphepo ya ku Joni siseka ndi munthu. Nkhope ya khansala wakale yayang'ana kunja, kumzere wa zigubu.