Utsi wa Okutobala ndi nkhani ya maploti

Usiku wathawu sitinagone. Mwana wathu wamng'ono ali ndi mphumu, ndipo Okutobala akangofika timadziwiratu kuti yayambika. Amakhala tsonga pabedi atatsamira mayi ake, m'chifuwa mukulira ngati kamluzu. Tinatseka mawindo, tinatsekera chitenje chonyowa kunsi kwa chitseko, koma nyumba yopanda siling'i utsi umangolowera kumalata. Nditatuluka panja cha m'ma 11 koloko ndinapeza phiri la kuseri kwathu lili psuu, moto utandanda mzere umodzi, ukukwera pang'onopang'ono. M'mawa uno yunifolomu yomwe tinaiwala pachingwe yadzaza timaphulusa takuda, ndipo wamkuluyo wapita kusukulu akununkha ngati wagona kukhitchini.

Mukafunsa kuti wayatsa ndani, aliyense yankho ali nalo kale: anyamata osaka mbewa. Mwina ndi iwodi. Ena amati ndi osaka nkhuni, chifukwa mtengo ukapsa ndi kuuma palibe amene angakufunse ukaudula. Ena ndi amene akusosa timinda ta m'mphepete mwa phiri mvula isanagwe. Onjezerani mauvuni a njerwa omwe akufuka usiku wonse, ndi zinyalala zomwe tonsefe timatentha kuseri kwa nyumba poti galimoto yotola zinyalala kuno timangoimva mbiri. Zonsezi zimakumana m'mphuno mwa mwana wazaka zinayi.

Koma ine maganizo anga ndi akuti tikamangotukwana osaka mbewa tikusiya nkhani yeniyeni. Kale phiri likamapsa, linkapsa kutali ndi anthu. Lero nyumba zafika pakati pa phiri, zina zadutsa pamenepo. Ndife amene tautsatira motowo kumeneko. Ndipo palibe munthu wa mutu wake amene amasankha kusenza matumba a simenti ndi zigubu za madzi kukwera nazo chitunda chotero chifukwa chokonda kamphepo kayeziyezi. Amakwera chifukwa kumunsi kuno ploti yovomerezeka, yopimidwa, ya msewu wake, munthu wogulitsa kaunjika kapena woyendetsa kabaza sangaipeze ngakhale atasunga zaka khumi. Yemwe amampatsa malo ndi dobadoba, kapena mfumu ya m'tauni, kakalata kolemba pamanja, mboni ziwiri, basi wamanga.

Tinaziona zotsatira zake mu Malichi 2023. Namondwe Freddy atafika, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba ku Chilobwe anthu ali m'kati. M'dziko lonse, omwe anafa pamodzi ndi omwe sanapezeke anaposa 1,000. Masiku amenewo aliyense, kuyambira pawailesi mpaka m'minibasi, ankati anthu achoke m'mapiri. Chabwino, achoke. Apite kuti? Funso limenelo silinayankhidwe mokwanira, n'chifukwa chake ambiri anabwerera pomwe paja n'kukadzutsanso zipupa. Madzi saiwala khwawa, tonse tikudziwa, iwonso akudziwa kuposa ife amene tinangoonera pafoni. Kungoti lendi nayo siiwala tsiku.

Pamenepa ndi pomwe ndimaifuna khonsolo. Malawi Housing Corporation (MHC), bungwe la boma lomanga nyumba, inakhazikitsidwa mu 1964, mizinda yathu ili ting'onoting'ono. Pofika kalembera wa 2018, Blantyre yokha inali ndi anthu pafupifupi 800,000, Lilongwe ikuyandikira miliyoni imodzi. Palibe bungwe limene lingamangire nyumba anthu onsewa, ndipo sindikupempha zimenezo. Amalawife kumanga timadziwa. Timamanga chipinda chimodzi, kulowamo, chaka chamawa kuwonjezera china, malata kugula awiriawiri. Chomwe sitingathe patokha ndi kupima malo, kusiya mpata wa msewu, kukumba ngalande zolumikizana, kusunga malo a kiyosiki ya madzi, a msika, a chipatala. Imeneyo ndiyo ntchito ya khonsolo. Makolo athu ambiri anapezera pokhala m'tauni mwa njira yomweyi: ankapatsidwa ploti yopimidwa, nyumba n'kumanga okha monga mwa thumba lawo. Lero njira imeneyo inafota, ndipo khonsolo imafika mochedwa, anthu atamanga kale, itanyamula penti yofiira yolembera pakhoma kuti gumulani.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso anga chaka chatha. Nyumba ina m'dera lathu inagwira moto madzulo, akuti mbaula inasiyidwa pafupi ndi katani. Wina anaimbira ozimitsa moto, ndipo ndinene zoona, anabwera. Tinaimva sailini ikulira kumsewu waukulu. Koma kuchoka pamenepo kufika panyumbayo ndi tinjira toti wilibala imachita kupendekeka, apa chimbudzi cha uyu, apa mpanda wa uyo. Galimoto inaima patali, mapaipi osafika. Tinazimitsa ndi ndowa ndi mchenga, amayi akupatsirana zidebe kuchokera pachitsime, anyamata akukanganula malata a nyumba yoyandikana kuti moto usalumphe. Mwininyumba, gogo wina wolera zidzukulu, anatuluka ndi Baibulo ndi poto mmodzi. Tsiku lotsatira anthu ankatukwana ozimitsa moto. Ine ndinkangoganiza kuti moto umenewo unatipambana zaka makumi awiri zapitazo, tsiku lomwe malowo ankagawidwa popanda wosiya msewu.

Ndi tinjira tomweto timene apolisi sangalowemo ndi galimoto usiku, ambulansi singafikemo mayi akayamba kumva kupweteka. N'chifukwa chake mwezi uliwonse timasonkha kandalama ka anyamata olondera, omwe chida chawo ndi wezulo ndi chibonga. Magetsi a mumsewu ungawaike pati pomwe msewu womwewo palibe?

Pali mbiri ina yomwe achinyamata ambiri saidziwa. Lamulo la maboma ang'ono linabwera mu 1998, makhansala tinawasankha mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko lino linakhala opanda makhansala mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi. Mizinda ikukula, anthu akukwera mapiri, m'khonsolo mulibe munthu wosankhidwa ndi ife woti n'kumufunsa. Ndikuganiza kuti m'zaka zimenezo tinaiwala kuti khansala ndi wa chiyani, ndipo mpaka pano sitinakumbukire. Timamufuna pamaliro, agule bokosi, apereke galimoto yopitira kumanda. Timamufuna pa mpira wa bonanza. Ndi angati a ife amene tinamufunsapo kuti bajeti ya khonsolo chaka chino yaika zingati pa kutsegula maploti atsopano? Ineyo sindinafunsepo, musaone ngati ndikudziyeretsa. Dzina la khansala wathu ndinalidziwira pa tisheti.

Ndikudziwa a kukhonsolo ayankha kuti ndalama kulibe, anthu salipira maleti, boma lalikulu limatumiza mochedwa, ndiponso malo ambiri a mumzinda sali m'manja mwawo okha, ena ndi a unduna wa za malo, ena a MHC, ena a anthu ndi makampani. Zoona zimenezo, ndipo chisokonezo cha eni malo ambiriwa ndi chimene madobadoba amadyerapo. Koma munthu amene sanaonepo galimoto ya zinyalala mumuuza bwanji kuti alipire? Wina ayenera kuyamba, ndipo woyamba akhale amene ali ndi ofesi ndi chidindo. Komanso si zonse zofuna mabiliyoni. Kulambula njira zotchinga moto m'mphepete mwa phiri mwezi wa Juni kapena Julaye udzu usanaumitsitse, mogwirizana ndi a zankhalango ndi mabuloko lida, ndi makasu ndi zikwanje chabe. Anyamata omwewa osaka mbewa mutawapatsa ganyu imeneyo, phirilo angalilondere okha. Kuika malo amodzi otayira zinyalala pa dera n'kumabwera kudzatola ngakhale kawiri pamwezi kungachotse theka la moto wa kuseri kwa nyumba. Mndandanda wa ofunsira maploti kuumata poyera, aliyense aone nambala yake ndi tsiku lomwe analembetsa, zimenezo n'zaulere. Mwina n'chifukwa chake sizichitika.

Za njerwa zowotcha ndingodutsapo. Boma linaletsa kale kuzigwiritsa ntchito pa zomanga zikuluzikulu, ndipo nzabwino. Koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti inathawa, ndipo munthu wamba ukamuuza za mabuloko a simenti amakuyang'ana ngati ukumunyoza. Uvuni upitirira kufuka mpaka buloko idzatsike mtengo.

Lendi yathu yakwera kawiri chaka chino. Alandilodi sindiwada, nawonso ali ndi ana ku sekondale. Loweruka lapitali mnzanga wa kuntchito ananditengera kwa munthu wina amene akugulitsa malo, akuti ndikhoza kulipira pang'onopang'ono, katatu. Tinakwera mpaka ndinachita kupumira panjira kawiri. Malowo ndi otsetsereka, kumtunda kwake kuli chimwala chachikulu ngati minibasi, pansi ponse pali bii ndi lupsa, zitsa zikufukabe. Ukaima pamenepo mzinda wonse umauona. Anandiuza kuti ndiwayankhe pofika Lachisanu chifukwa pali enanso awiri akuwafuna. Mayi a kunyumba akuti ayi, ndi mwana wa mphumuyu sizingatheke. Ine nambala ya munthuyo sindinaifufute.