Olemekezeka, kukana n'kololedwa, koma kanani titamva zifukwa zanu

Mu Marichi 2021 a Matthews Ngwale, amene nthawi imeneyo anali phungu wa Chiradzulu West komanso wapampando wa komiti ya zaumoyo, anaimirira m'Nyumba ya Malamulo kupempha kuti abweretse bilu yokhudza kuchotsa mimba. Tsiku limenelo sankapempha kuti biluyo ikhale lamulo ayi. Ankangofuna kuti ilowe m'Nyumba, iwerengedwe, aphungu atsutsane. Aphungu anakana ngakhale kuilola kulowa pakhomo, ndipo patapita miyezi ingapo a Ngwale anaibweza. Kuchokera apo nkhaniyi timaimva pa wailesi, pa guwa, m'minibasi, pa Facebook pano, koma kumene timalipira anthu kuti azikambirana malamulo kuli zii.

Chimenechi ndicho chimandiwawa ine. Inenso ndimapemphera, ndipo kuchotsa mimba si nkhani yoti ndingaiombere m'manja. Phungu atati aimirire n'kunena kuti "ine chikhulupiriro changa sichilola, ndipo anthu a kudera kwanga anandituma kuti ndikane," ndingamulemekeze. Mawu ake alembedwe mu Hansard, buku losunga zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo, tidziwe pomwe waima. Koma kutseka nkhani isanayambe ndi mantha basi. Ankaopa abusa, ansembe ndi mashehe a kumadera kwawo, ankaopa voti.

Tiyeni tikumbutsane lamulo lomwe tili nalo. Lili mu Penal Code, yomwe atsamunda anatisiyira cha m'ma 1930. Gawo 149 likuti wochotsa mimba ya mayi akhoza kukhala kundende zaka 14. Gawo 150 likuti mayi wodzichotsa yekha, zaka 7. Gawo 151 likuti wopereka mankhwala kapena zipangizo, zaka 3. Pothawira pali pamodzi pokha, gawo 243, lomwe limalola dokotala kuchita opaleshoni pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Angerezi amene anatilembera zimenezi anasintha lamulo lawo mu 1967. Ife tikadali nalo.

Tsono lamulo lokhwimali laletsa chiyani? Akatswiri a ku College of Medicine ku Blantyre pamodzi ndi a Guttmacher Institute anachita kafukufuku ndipo anapeza kuti m'chaka cha 2015 chokha mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'Malawi muno. Mukagawa ndi masiku a pachaka, ndi zoposa 380 tsiku lililonse. Pa amayi 10 alionse, pafupifupi 6 anapeza mavuto ofunika chithandizo cha kuchipatala. Izi zikuchitika lamulo lilipo, zaka 14 zilipo, maulaliki akuchitika sabata ndi sabata.

Amene anadikirirapo wodwala ku wadi ya amayi akudziwa zomwe ndikunena. Ine ndinagonako pansi pa bedi, pa chitenje, ndikudikirira mlamu wanga amene anapita padera. Usiku anabweretsa kamtsikana, mwina ka Folomu 2, atakanyamula azakhali ake, nsalu yonse ili nyowe! ndi magazi, thupi likutentha. Namwino anafunsa modekha kuti, "Mwanawe, wachita chiyani? Tiuze zoona kuti tikuthandize msanga." Iye n'kumangoti anagwa potunga madzi. Azakhali nawonso n'kumavomereza kuti eya, anagwadi ndi ndowa kumutu. Tonse m'wadimo tinkadziwa kuti si ndowa. Namwino ankadziwanso, koma mwanayo ankaopa kuti akaulula ndiye kuti kukacha apolisi afika. Anakamupala m'chiberekero usiku womwewo. M'mawa mayi wina wachikulire wa pa bedi loyandikana anangoti, "Ana a masiku ano, mtengo wa chinangwa uja," n'kupitiriza kumwa phala lake.

Onani mmene tikuchitira zinthu: chipatala cha boma sichiloledwa kumuthandiza mwanayo asanadzivulaze, koma akadzivulaza chimamulandira, kumupatsa bedi, magazi, mankhwala, nthawi zina kuchotsa chiberekero chimene. Ndalama za msonkho tikulipira ndithu, tikungodikira kaye kuti aonongeke. Zili ngati kukaniza munthu bwato, n'kumakamudikira kumunsi kwa mtsinje ndi machira.

Ndipo tisanamizane, lamuloli silikhudza onse mofanana. Mwana wa bwana mu Area 47 kapena ku Namiwawa zikamuchitikira, makolo amadziwa chipatala cha pulaiveti choti apite, nkhani imatha mwakachetechete, Lolemba ali kusukulu. Wopita kwa gogo wa zitsamba kuseri kwa msika, kapena womwa sopo wochapira, ndi mwana wa mlimi. Timati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma aphungu ambiri amadziwa kuti ichi sichingafike pakhomo pawo momwe chimafikira kwa anthu amene anawavotera. Mwina n'chifukwa chake sachita nacho changu.

Chinanso chimene ndaona n'chakuti ambiri amene amatukwana biluyi sanaiwerenge. Siinalembedwe ndi azungu kuhotela monga ena amanenera. Inachokera ku komiti yapadera ya Law Commission yomwe inakhazikitsidwa mu 2013, ndipo m'komitimo munali oimira mipingo, Asilamu, mafumu, madokotala ndi maloya. Anayendayenda kumva maganizo a anthu, n'kugwirizana pa zifukwa zochepa: moyo wa mayi ukakhala pachiswe, thanzi lake la m'thupi kapena la m'maganizo likakhala pangozi, mwana m'mimba akakhala ndi vuto lalikulu loti sangathe kukhala ndi moyo, komanso mimba ikabwera chifukwa chogwiriridwa, kugonedwa ndi wachibale kapena kugonedwa uli mwana. Zoti mayi achotse chifukwa cha umphawi kapena chifukwa sakufuna, komitiyo inakana. Ena omenyera ufulu wa amayi anadandaula kuti biluyi siikupereka ufulu wokwanira kwa amayi. Koma mu Disembala 2016 mipingo itaguba m'mizinda kuitsutsa, uthenga womwe unafika kumudzi unali wakuti boma likufuna atsikana azichotsa mimba mmene afunira. Nduna zinachita mantha, biluyo n'kukhala m'kabati mpaka a Ngwale anaitenga ngati bilu ya phungu payekha.

Anzathu a ku Zambia, dziko lomwe a Chiluba analengeza mu 1991 kuti ndi lachikhristu, ali ndi lamulo lolola kuchotsa mimba pa zifukwa zina kuyambira 1972. Mozambique inasintha lamulo lake mu 2014. Malawi yemweyu anavomereza pangano la Maputo mu 2005, lomwe limanena poyera kuti mayi wogwiriridwa kapena amene moyo ndi thanzi lake zili pangozi athandizidwe. Kusaina tinasaina, zithunzi tinajambulitsa.

Ndikudziwa funso lomwe libwere m'makomenti: nanga mwana ali m'mimbayo alibe ufulu? Ndi funso lenileni, sindikulipeputsa. Linanso ndi lakuti, kodi "thanzi la m'maganizo" silidzakhala khomo lolowera aliyense? Limenelonso ndi lomveka. Koma mafunso ngati amenewa malo ake ndi m'Nyumba ya Malamulo, komwe phungu angathe kunena kuti ndime iyi ichoke, iyi ikhwimitsidwe, apa pakhale madokotala awiri, apa pakhale malire a masabata. Ntchito ya komiti ya aphungu ndi imeneyo. Mukakana kukambirana, mwasankha kale kuti mwana wa zaka 13 wogwiriridwa ndi amalume ake abereke, mufune musafune, ndipo mwasankha popanda wina kuima n'kunena kuti "ndasankha ndine."

Poti aphungu anathawa, nkhaniyi inakathera kukhoti. Mu Okutobala 2025 khoti lalikulu ku Blantyre linagamula mlandu wa mtsikana wamng'ono amene anagwiriridwa, n'kukanizidwa chithandizo pa chipatala china chaching'ono. Jaji Michael Tembo anaona kuti kumukaniza kunaphwanya ufulu wake pansi pa lamulo la Gender Equality Act la 2013, ndipo analamula unduna wa zaumoyo kuti ukonze ndondomeko zake. Ena anakwiya kuti majaji akupanga malamulo. Nanga akanatani, mwana ataima pamaso pawo ndi mlandu? Lamulo lomwe jajiyo anagwiritsa ntchito analivomereza ndi aphungu omwewo. Koma chigamulo chimodzi sichingafotokozere kilinikala wa ku Nsanje kapena ku Chitipa zonse zoyenera kuchita mayi akabwera akulira. Iye akamaona Penal Code ikunenabe zaka 14, adzasamba m'manja, ndipo sindingamudzudzule.

Komatu Nyumba yomweyi inasonyezapo kuti ikafuna imatha. Nkhani ya maukwati a ana inalinso yovuta, ena ankati ndi chikhalidwe chathu. Mu 2015 anakhazikitsa lamulo la maukwati, mu 2017 anasintha Konsitityushoni kuti zaka zokwatira zikhale 18. Mafumu ngati malemu a Kachindamoto a ku Dedza anathetsa maukwati a ana ambirimbiri, dziko silinagwe.

Chisankho cha Seputembala 2025 chinatipatsa Nyumba ya mipando 229. Wa kudera kwathu akadzabwera ku msonkhano wa chitukuko, za mjigo ndi mlatho ena adzafunsa. Ine ndidzakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Olemekezeka, bilu ija ikabweranso, mudzalola kuti iwerengedwe? Ndipo mwana wa sitandade 7 akagwiriridwa m'mudzi muno, inuyo mukuti achite chiyani?" Akandiyankha kuti abereke, ndidzawapempha kuti akanenenso chimodzimodzi ku Lilongwe, maikolofoni ili yoyatsa.