Makolo, lekani kuseweretsa zilonda zapakhosi za ana

Makolo anzanga, tandimverani, chifukwa mphwayi zathu zikutiwonongera ana. Mwana akudandaula kuti pakhosi pakuwawa, nsima sikumezeka, thupi latentha. Inu mwati ndi chimfine, mwamugulira Panado pagolosale, mwinanso makapisozi awiri kwa ogulitsa pamsika. Ululu ukatha mwati wachira. Wachira kuti?

Zina mwa zilonda zimenezi zimayamba ndi kachilombo ka Streptococcus, makamaka kwa ana a zaka 5 mpaka 15. Kakapanda kugonjetsedwa ndi penisilini wokwanira, pakatha milungu iwiri kapena itatu chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kuukira thupi lomwelo. Lero latupa bondo, mawa ululu wasamukira pachigongono. Wina manja amangogwedezeka okha, cholembera osagwirika, ife n'kuthamangira kunena kuti amulodza. Pamenepo mtima ukuwonongeka mwakachetechete. Mumtima muli mavalavu anayi, ali ngati tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Akachita zipsera satsekanso bwino, kapena amapanikiza njira. Mudzazindikira patapita zaka, mtsikana ali ndi pakati, akubanika, miyendo yatupa, kugona chagada osatheka. Nthendayi, imene achipatala amati rheumatic heart disease, imapha anthu oposa 300,000 chaka chilichonse padziko lonse, ambiri m'mayiko osauka ngati lathu lino.

Koma amene ndikufuna kuwadzudzula kwambiri ndi inu amene adokotala anakuuzani kale kuti mwana wanu ali ndi nthendayi. Anakulemberani m'buku lachipatala kuti mwana azibayidwa jakisoni wa benzathine penicillin pakatha milungu itatu kapena inayi iliyonse, kwa zaka zambiri. Mwapita miyezi ingapo, mwaona mwana akusewera mpira, mwasiya. Jakisoniyo amawawa, sindikukana, ndipo kuchipatala n'kutali. Komatu nthendayi ikabwereza imawonjezera chipsera pa chipsera.

Valavu yowonongeka ndi pomwe tizilombo timakonda kumanga. Timalowa m'magazi kudzera m'dzino lobowoka lomwe mwalisunga chaka chonse mukungoikapo mchere, m'nkhama zotuluka magazi, m'chithupsa chofinyidwa ndi manja akuda, m'jakisoni wobayitsa kuseri kwa nyumba ya munthu. Tikafika pavalavupo timaunjikana, achipatala amati endocarditis. Munthu amatentha thupi milungu ndi milungu, thukuta usiku, kuonda, kufooka. Ndiye mukumumwetsa LA kachiwiri, kachitatu, chonsecho poyeza malungo sanapezeke! Kachidutswa ka mulu wa tizilombowo kakathothoka kamayenda ndi magazi. Kakatseka mtsempha wa mu ubongo, mnyamata wa zaka 20 amafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa kupotoka. Impso nazo zimawonongeka, valavu imatha kubooka, mtima n'kulephera.

Mankhwala ake si a masiku atatu ayi. Ndi olowetsa m'mitsempha, milungu 4 mpaka 6, nthawi zambiri uli chigonere m'chipatala. Valavu ikatheratu pamafunika opaleshoni, imene ambiri amaiyembekezera pamndandanda wa otumizidwa kunja monga ku India, ndipo si onse amafikako.

Pakhosi pakawawa ndi kutentha thupi, mwana apite kuchipatala, mankhwala amalize onse. Amene muli ndi vuto la mavalavu, tsukani mano, ndipo musanazulitse dzino muuzeni wozulayo za mtima wanu. Thupi likatentha kupitirira sabata malungo osapezeka, tengani buku lanu lija mukapemphe kuti akupimeni mtima.