Kuwoloka kuchoka ku India kulowa Nepal: zimene Mkhristu amayamba kuona

Pachipata cha Sunauli, pomwe India amathera Nepal n'kuyamba, anthu amangodutsa ndi njinga zawo ndi matumba a mpunga, palibe wowafunsa. Pangano la 1950 limalola nzika za maiko awiriwa kuwoloka popanda pasipoti, ndiye ofunafuna ofesi yodinditsa timakhala alendofe. Ukawoloka upititse wotchi patsogolo ndi mphindi 15, ndipo usadabwe kuona kalendala ya m'sitolo itatsogola ndi zaka 56 kapena 57, chifukwa kumeneko amatsata kawerengedwe kawo ka Bikram Sambat.

Pa kuchuluka kwa Ahindu maikowa sasiyana kwenikweni. Kalembera wa 2011 ku India adapeza pafupifupi 80 pa anthu 100 aliwonse, wa 2021 ku Nepal adapeza 81. Koma momwe Mkhristu amakhalira kuno ndi uko n'zosiyana kutalitali.

India amakulandira ndi phokoso. Mahutala osalekeza, fungo la lubani, tiakachisi patsinde pa mtengo, fano la Ganesh, mulungu wa Ahindu wa mutu wa njovu, kutsogolo kwa dalaivala wa basi litavekedwa maluwa achikasu. Kwa ife okulira m'Sande sukulu, lamulo loletsa mafano lija limangobwera lokha m'mutu. Komatu m'dziko lomweli Chikhristu si mlendo. Akhristu a ku Kerala amati mpingo wawo adauyambitsa mtumwi Tomasi m'chaka cha 52, thupi la Francis Xavier likusungidwabe m'tchalitchi cha Bom Jesus ku Goa, ndipo ku Nagaland ndi ku Mizoram anthu pafupifupi 9 mwa 10 ndi Akhristu. Akhristu onse a ku India, pa kalembera wa 2011, adakwana pafupifupi 28 miliyoni. Amalawi opita kuchipatala ku Delhi kapena ku Chennai sasowa kopemphera Lamulungu.

Nepal amakulandira mofatsa. Ogulitsa malonda sakukoka malaya kwambiri, ndipo kachisi wa Ahindu ndi wa Abuda amakhala bwalo limodzi popanda mkangano. Koma mpingo kumeneko ndi khanda. Ansembe achikatolika a Capuchin adatuluka m'chigwa cha Kathmandu mu 1769, mfumu Prithvi Narayan Shah atachilanda, ndipo khomo lidakhala lotseka mpaka 1951. Dzikoli lidali ufumu wa Chihindu mwalamulo mpaka 2006, ufumuwo n'kuthetsedwa mu 2008. Lero Akhristu angopitirira pang'ono theka la miliyoni. Kwa zaka zambiri tsiku lopuma kumeneko lakhala Loweruka, Lamulungu ana ali kusukulu, choncho mipingo idazolowera kusonkhana Loweruka. Abale athu a Seventh Day akanasekerera kuona Akatolika ndi a Pentekoste akusunga nawo tsikulo. Polowa mumavula nsapato n'kukhala pamkeka, amayi mbali yawo abambo mbali yawo.

Za ng'ombe n'zachidule. Ku Nepal ng'ombe ndi nyama yoimira dziko, kuipha n'kupalamula ndende paliponse, koma njati yoweta amadya ndithu, makamaka m'timitanda tofutsa totchedwa momo. Ku India zimatengera chigawo: ku Uttar Pradesh usayerekeze, ku Kerala nyama ya ng'ombe ili pamndandanda wa zakudya m'lesitilanti.

Chimodzimodzi nkhani yotembenuza anthu, ndipo apa mpamene ndidaona kuti kufatsa kwa Nepal kuli ndi mano. Malamulo aakulu a 2015 amati dzikoli silikondera chipembedzo, koma omwewo amaletsa kutembenuza munthu. Lamulo la milandu la 2017 lidaikapo chilango chofika zaka 5 m'ndende ndi chindapusa cha ma rupee 50,000, mlendo n'kupitikitsidwa m'dzikomo. Lamulolo n'la dziko lonse, palibe kothawira. India alibe lamulo limodzi lotere, zimatengera chigawo. Odisha adayamba mu 1967, Uttar Pradesh adakhazikitsa lake mu 2021, pomwe Kerala alibe. Chizolowezi chathu cholalikira m'basi, Baibulo m'manja mpaka okwera apereke chopereka, uchisiye pa Chileka.

Izi sizikutanthauza kuti ku India kuli mtendere woposa. Ku Kandhamal, m'chigawo cha Odisha, mu 2008 matchalitchi mazana adatenthedwa, anthu ambiri n'kuphedwa, ndipo ku Manipur mu 2023 nkhondo ya mitundu idapserezanso nyumba zopemphereramo. Ku Nepal zachiwawa zotere n'zosowa, ngakhale bomba lidapha anthu atatu m'tchalitchi cha Assumption ku Lalitpur mu 2009. Ine wondifunsa kokacheza ndingamuuze Nepal. Wofuna kukhazikika ndi banja lake ngati Mkhristu ndingamuuze India, bola asankhe bwino chigawo.

Chimene chidandipangitsa kuganiza choncho ndi maliro. Ku Pashupatinath, malo opatulika a Ahindu ku Kathmandu, m'mbali mwa mtsinje wa Bagmati, amene si Mhindu salowa m'kachisi wamkulu, koma ukaima tsidya linalo umaona zonse: mtembo wokutidwa nsalu yoyera ndi yachikasu, mapazi akusambitsidwa ndi madzi a mumtsinje, mwana wamwamuna akuyatsa moto, phulusa likukankhidwira m'madzi. Ku Varanasi ku India, pamalo otenthera mitembo a Manikarnika, moto wotere suzima usana ndi usiku. Anthu amachita izi mwaulemu waukulu, ndipo sindinaone chonyoza. Vuto lili kwa wofuna kuikidwa m'nthaka. Ku India matchalitchi akale ali ndi manda awo, ena a zaka mazana. Ku Kathmandu Akhristu ankaika abale awo m'nkhalango ya Sleshmantak, pafupi ndi Pashupatinath, mpaka oyang'anira malowo adaletsa mu 2011. Akhristuwo adachita zionetsero, ena adanyanyala kudya, koma nkhani ya manda ikadali yovuta. Mipingo ina imasonkha ndalama n'kugula kamunda kutali kumapiri, komwe eni mudzi nthawi zina amakana kuti mtembo ulowe, ndipo mabanja ena amangotentha m'bale wawo abusa ataweramitsa mutu pambali.